ZA PAKHOMO: Pinifolo ya Agogo

Ku Katete kuli agogo ena amene sasiyana ndi pinifolo yao yakale, yotakasuka ngati thumba la cimanga. M'matumba mwake mumakhala mtedza wokazinga, kabotolo ka fodya wamphuno ndi ndalama za kucigayo. Pamasika, thupi likabwerera, imawakwana. Mu Febuluwale, njala ikaluma, imawakwanabe.

Mdzukulu wao wa ku Lusaka anaiseka kwambiri, nati cobvala cotere n'ca makedzana. Agogo anangoti, "Udzaifuna, mwanawe."

Caka cotsatira mtsikanayo anakhala ndi pakati, ndipo madiresi ake onse othina anamkana. Anafika kumudzi mwamanyazi, nagwada pakhonde: "Agogo, ndibwerekeniko pinifolo ija."

Agogo anampatsa uku akuseka. Zoonadi, mau a akulu akoma akagonera.