Nyimbo ya munthu wodziwa kulakwa kwake

Pakati pa nyimbo za chikondi chosweka zimene timamva pa wailesi ndi m'maminibasi, n'zowerengeka zimene woyimba amadziloza yekha chala. Zochuluka zimalira mkazi amene adatengeka ndi ndalama, kapena mwamuna amene adapita ku Joni nayiwala kwawo, ngati kuti banja likatha wolakwa amakhala wochokayo basi. Ine ndikuti mtima umene ukudzitsutsa suchira ndi nyimbo yonyoza mnzake, koma ndi imene mwini wake avomeramo kuti nayenso adaononga.

Makolo athu adadziwa kale kuti chimene pakamwa pachita nacho manyazi, nyimbo imachinena. Mayi wosautsidwa pa chitengwa ankakhuthula za kumtima pamtondo, musi ukugunda, anzake akuvomera, kufikira mwamuna ndi apongozi, ali chikhalire pakhonde, atamva uthenga wonse popanda wina kutchulidwa dzina. Ndipo nyimbo zotere, pamodzi ndi za bangwe, zina adazijambula katswiri wa nyimbo Hugh Tracey pamene adayendera dziko la Nyasaland mu 1958. Komatu kudandaula n'kopepuka. Cholemera ndi kulapa. N'chifukwa chake Salimo 51, limene Davide adayimba mneneri Natani atamudzudzula pa nkhani ya mkazi wa Uriya, likali kufewetsa mitima kufikira lero, pakuti mfumu yonseyo siidafune wina womusenzetsa mlandu wake.

Chimene chindidetsa nkhawa ndi mwamuna wa banja losweka amene amakhala pamphasa usiku wonse, foni ili pachifuwa, kubwereza nyimbo imodzi yomweyo mpaka tambala woyamba, misozi ili mbwembwembwe, ndipo kukacha nayesa kuti ngongole yake yatha chifukwa walira. Zoonadi akulu adati madzi akatayika saoleka, ndipo mwina banjalo silidzabwereranso. Koma akulu omwewo adatinso mlandu suola. Mkazi uja sadamve kulira kwa usikuwo, ana akubwezedwa kusukulu posowa fizi, ankhoswe amene adamanga banjalo sadaitanidwe n'komwe.

Inu oyimba athu, tipekereniko nyimbo za munthu wovomera kulakwa, pakuti ambiri akusowa mawu oyambira. Ndipo inu amene nyimbo yakulasani mumtima, mukatha kumvera pitani kwa ankhoswe, mukapepese pamaso pa amene mudamulakwira, ngakhale musayembekeze kuti abwerera.