Tisanalote za F-35, tiyambe tagula batire

Gawo lino ndi la maganizo anga, ndiye wokwiya akwiyire ine, anzangawa muwasiye.

Pa WhatsApp pakangotuluka kavidiyo ka ndege yankhondo ikung'amba mitambo, sipalephera wina wofunsa kuti, "Nanga Malawi adzagula liti zake?" Basi mkangano wayamba. Uyu akuti F-35, uyo akuti Gripen, wina akuti Sukhoi ya ku Russia ndiye dolo. Ine ndikuti Malawi asagule iliyonse mwa zimenezi, kaya lero kaya zaka 10 zikubwerazi. Asilikali athu a mumlengalenga akufunika ndalama, zambiri ndithu, koma ndalamazo zili ndi kolowera kwina.

Kukoma kwa ndegezi ndikukudziwa. Ife a ku Greenbelt tili pafupi ndi Joint Base Andrews, komwe kumakhala ma F-16 olondera mzinda wa Washington. Ambiri mukukumbukira pa 4 June 2023, pamene chigawo chonse chinagwedezeka ndi chiphokoso ngati bomba. Anali ma F-16 amenewa, akuthamanga kuposa liwiro la phokoso kuthamangira kandege ka Cessna kamene sikankayankha pa wailesi. Ukamva zimenezo umati eee, dziko ndi limeneli. Koma tiyeni tione chimene chili kuseri kwa phokosolo.

Tiyambe ndi F-35 ya Lockheed Martin, imene aliyense amaitchula. Mphamvu yake ndi yoti radar imavutika kuiona, ndipo imasonkhanitsa zonse zimene masensa ake akuona n'kumupatsa woyendetsa chithunzi chimodzi. Mtengo wa imodzi ndi madola oposa 80 miliyoni. Koma kugulako ndi chiyambi chabe. Ofesi ya GAO, imene imalondoloza ndalama za boma la America, inanena mu 2024 kuti kusamala ndi kuulutsa ma F-35 a America mpaka adzapume kudzadya madola pafupifupi 1.6 thililiyoni. Ofesi yomweyo inapeza kuti mu March 2023 ndegezi zinali zokonzeka kugwira ntchito pafupifupi 55 peresenti ya nthawi basi. Ameneyo ndi America, mwini fakitale, mwini ndalama.

Ine ntchito yanga ndi yolemba software, ndiye apa ndilankhulepo ngati wa m'nyumba. F-35 ndi kompyuta yokhala ndi mapiko. Mkati mwake muli mizere ya code yoposa 8 miliyoni. Kuyambira July 2023 mpaka July 2024 boma la America linasiya kulandira ma F-35 atsopano, chifukwa update yotchedwa TR-3 inali isanapse. Ndege zinkatuluka m'fakitale ku Fort Worth, zatsopano, zonyezimira, n'kumangoima panja kudikira software. Aliyense wa ntchito yathuyi amadziwa kuti kulemba pulogalamu sikuvuta kwenikweni, chimene chimakulemetsa mutu ndi kuisamala chaka ndi chaka. Pa zida zankhondo ndi chimodzimodzi: GAO imati pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zonse za chida zimapita ku kuchiyendetsa ndi kuchikonza. Walira mvula walira matope.

Wina anena kuti chabwino, tigule yotsika. Ilipo F-16, imene inayamba kuuluka mu 1974 ndipo mpaka pano akuipangabe ku Greenville, South Carolina. Ilipo Rafale ya ku France, imene Egypt inagula 24 mu 2015 n'kudzaonjezera 30 mu 2021. Ilipo JF-17 ya Pakistan ndi China, imene Nigeria inalandira zitatu mu 2021. Ndiye pali Gripen ya Saab ku Sweden, imene pa pepala ndiye yoyenera dziko losauka: injini imodzi, imatha kutera pamsewu wa phula, ndipo anthu ochepa amaikonza n'kuibweza m'mwamba msanga.

Koma Gripen yomweyo taonani zimene inachita kwa anzathu a ku South Africa. Anagula 26 pa mgwirizano wa zida wa 1999, uja unadzetsa milandu ya katangale imene yakhala ikumutsata Jacob Zuma zaka zonsezi. Pofika 2013, ndege 12 zinali zitaikidwa m'stoo chifukwa chosowa ndalama zoziulutsira. Chakumapeto kwa 2021 zonse zinaima, ndipo kwa pafupifupi chaka chathunthu dziko lolemera kuposa onse m'chigawo chathu linalibe Gripen ndi imodzi yomwe youluka. Mgwirizano watsopano wokonza utasainidwa mu 2022, unangokwana ndege 13. Ngati South Africa, yokhala ndi mafakitale ake a zida, inapunthwa chonchi, ife amene timakhala pamzere wa petulo chifukwa cha forex tingatani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Uganda inagula ma Su-30 asanu ndi imodzi mu 2011. Ndalama za ndegezo pamodzi ndi zida zina zinali pafupifupi madola 740 miliyoni, ndipo zinatapidwa m'thumba la banki yaikulu ya dzikolo, mpaka gavanala wa bankiyo, Emmanuel Tumusiime-Mutebile, anadandaula poyera. Tangoganizani Reserve Bank yathu ikutapidwa chonchi pamene mankhwala ndi feteleza zikudikira madola omwewo.

Palinso china chimene okonda kuyerekeza liwiro ndi mizinga amaiwala. Ukagula ndege yankhondo wakwatira m'banja la amene wakugulitsayo, kwa zaka 30 kapena 40. Zimbabwe inali ndi ma Hawk a ku Britain. Britain itatseka malonda a zida mu 2000, zipangizo zosinthira zinasowa, ndegezo zinayamba kuima imodziimodzi, mpaka Harare inatembenukira ku ma K-8 a ku China. Turkey, membala wa NATO, inachotsedwa m'pulogalamu ya F-35 mu 2019 chifukwa chogula mizinga ya S-400 ku Russia. Ngakhale Gripen, injini yake ndi yochokera ku General Electric ya America, ndiye Washington ili ndi mawu pa amene angaigule. Anthu amati ndege yankhondo ndi chizindikiro cha ufulu wa dziko. Ufulu wanji woti mwini software akakwiya iwe suuluka?

Tsopano tibwere kwathu, ndipo apa ndilankhula modekha chifukwa ndi nkhani ya maliro. Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka pa Kamuzu International Airport kulowera ku Mzuzu. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, amene ankapita ku maliro a a Ralph Kasambara. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 anamwalira, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri. Inapezeka tsiku lotsatira. Ndegeyo inali ya m'zaka za m'ma 1980.

Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany atafufuza anapeza zinthu zimene Mmalawi aliyense ayenera kuzidziwa. Ndegeyo inalibe black box, kaya yojambula mawu a oyendetsa kaya yosunga kayendedwe ka ndege. Zokambirana za pa wailesi pakati pa oyendetsa ndi oongolera ndege pansi sizinajambulidwe. Ndipo kachipangizo kamene kamakuwa ndege ikagwa, kuti ofufuza adziwe pamene ili, batire yake inatha ntchito mu 2004. Zaka 20, abale anga. Ena a ife tinali tisanayambe sukulu.

Ndinene chilungamo: ofufuza anati anthuwo anafera pomwepo, ndiye batireyo sakanapulumutsa moyo. Chimene chinagwetsa ndege, malinga ndi malipoti, ndi nyengo yoipa komanso chisankho chopitiriza kuuluka motsika m'chifunga cha m'mapiri. Koma batire ija ikutiuza mmene timasamalira zimene tili nazo. Inachititsa kuti mabanja agone usiku wonse osadziwa kanthu. Ndipo kusowa kwa zojambulidwa ndi kumene kwasiya mpata wa mphekesera umene wagawa Amalawi mpaka kuno ku America, mpaka m'mapwando athu. Ku ntchito kwathu, system yopanda ma log sitiilola n'komwe kuti ifike kwa makasitomala, chifukwa ikadzagwa palibe angadziwe chachitika. Ife tinakweza wachiwiri kwa pulezidenti m'ndege yopanda ma log.

Kumbukiraninso March 2023, namondwe wa Freddy. Anthu oposa 600 anafa, mazana ena anasowa, misewu ndi milatho ya ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje inaduka. Chimene chinkafunika masiku amenewo ndi helikopita zonyamula anthu ndi ufa. Tinadalira za anansi athu a ku Tanzania ndi Zambia. Tiwathokoze, koma tidzifunsenso. Mdani amene wapha Amalawi ambiri kuchokera kumwamba m'zaka zapitazi ndi madzi: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. F-16 singatsitse munthu pa denga la tchalitchi ku Makhanga.

Ndikudziwa zimene amalume ena anene, ndipo si zopusa ayi. Anena za nyanja, kuti Tanzania ili ndi ndege zankhondo za ku China ndipo mkangano wa malire, umene unabukanso mu 2012, sunathe. Anena kuti Zambia inagula ma L-15 asanu ndi imodzi ku China. Anena za zigawenga za ku Cabo Delgado, zimene zakhala zikuvuta kuyambira 2017 ndipo zinafikapo mpaka ku Niassa, pakhomo pathu penipeni.

Yankho langa ndi ili. Mphamvu yathu pa nkhani ya nyanja ili m'pangano la Heligoland la 1890 ndi m'maloya odziwa kulitambasula. Ndege zisanu ndi imodzi sizingasinthe zimenezo, makamaka popanda radar yophimba dziko lonse yoziuza kolowera. Jeti yopanda radar pansi ili ngati galu wolusa wakhungu. Za Cabo Delgado, taonani zimene zinachitikira Mozambique. Inatumiza ma MiG-21 ake ku Romania kukakonzedwa, anabwera cha mu 2014. Zigawenga zitalanda Mocímboa da Praia mu 2020, boma linkadalira tihelikopita ta kampani ya Dyck Advisory Group, ndipo amene anathandiza kubweza tawuniyo mu 2021 anali asilikali oyenda pansi a ku Rwanda. Nkhondo ya m'tchire imafuna maso ndi mayendedwe. Ngati tsiku lina tidzafunadi ndege yoombera, ya mtundu wa Super Tucano ya ku Brazil, ya pulopela, ndiye ingatiyenere, ngakhale nayonso si yotchipa: Nigeria inalipira pafupifupi madola 500 miliyoni pa ndege 12 pamodzi ndi zida ndi maphunziro.

Ndiye ndalama zipite kuti? Choyamba, ndege iliyonse ya boma ikhale ndi black box ndi kachipangizo kokuwa kamoyo, ndipo mabwalo athu azijambula mawu ndi radar. Pa zonse zimene ndatchula lero, izi ndiye zotchipa. Chachiwiri, helikopita zonyamula katundu ndi ndege zingapo zotha kutera pabwalo lalifupi, za mtundu umodzi kapena iwiri basi, kuti amakaniko asamaphunzire zinenero zisanu. Zimenezi zingatumikirenso asilikali athu amene akhala akupita ku DRC kuyambira 2013. Chachitatu, ma drone. Apa tili patsogolo kale: mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera ma drone mogwirizana ndi UNICEF, ndipo mu 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mothandizana ndi Virginia Tech. Kulondera nyanja, malire ndi nkhalango, drone imachita pa mtengo wochepa. Chachinayi, ndipo ichi ndiye chachikulu, tisagule chilichonse popanda ndalama za zaka 10 zokonzera, zophunzitsira oyendetsa ndi zamafuta zolembedwa m'mgwirizano womwewo.

Mbiri yathu yogula ndege ikutichenjeza. Mu 2009 boma la a Bingu wa Mutharika linagula jeti ya pulezidenti, Dassault Falcon, pa madola pafupifupi 22 miliyoni, Britain n'kudula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni. Mu 2013 boma la a Joyce Banda linaigulitsa pa madola 15 miliyoni, ndipo kumene ndalamazo zinalowera kunadzetsa mkangano wina. Nthawi yonseyo batire ija inali chikhalire yakufa m'ndege ya asilikali.

Chimene ndimasirira kuno ku America si F-35 ayi. Ndimasirira kuti ine, munthu wamba, ndikhoza kutsegula intaneti n'kuwerenga lipoti la boma lonena kuti ndege yawo yonyadira imakhala pansi pafupifupi theka la nthawi. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo kwathu ikhoza kufunsa zomwezo chaka chilichonse: tili ndi ndege zingati, zouluka ndi zingati, zomwe zaima zikudikira chiyani, ndipo chikufunika ndalama zingati. Inu amene muli ndi nambala ya phungu wa kwanu, ndipo ndikudziwa azakhali ambiri muli nayo, mufunseni mafunso anayi amenewa. Akakuyankhani mutitumizire, tidzawerenga pompano.