Selo lili ndi nsichi zake

Abale anga, tsegulani kope la Biology la mwana wanu muone mmene selo limajambulidwira. Ndi kabwalo, pakati pali kadontho kotchedwa nucleus, kwina konseko angolemba kuti cytoplasm. Mwana amaloweza, n'kukhoza mayeso, koma amatuluka sukulu akuganiza kuti selo ndi kathumba ka madzi. Ine ndikuti chithunzichi n'choperewera, ndipo kuno ku Mangochi kuperewerako kumatipweteka.

Nyumba siimirira popanda nsichi ndi mapaso. Selonso n'chimodzimodzi. M'kati mwake muli timaulusi ta mapuloteni timene timalichirikiza, ndipo asayansi amatitcha cytoskeleton. Timeneti tikasokonekera munthu amadwala, ndipo matenda ake ndi omwe timawaona m'midzi mwathu muno.

Tiyambe ndi ubongo. Maselo a mitsempha ndi aatali kwambiri, moti ena amachokera kumsana kukafika kuchala cha kuphazi. Katundu wofunika m'selo amayenda pa timapaipi totchedwa microtubules, ngati sitima pa njanji. Puloteni yotchedwa tau, imene gulu la Marc Kirschner linaitulukira ku Princeton mu 1975, imathandiza kuti njanjizi zikhale zolimba. Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi wina amene anasokonezeka mutu asanakalambe kwenikweni, ndipo mu ubongo mwake munapezeka timaulusi topiringizana. Mu 1986 kafukufuku anaonetsa kuti timaulusito timapangidwa ndi tau yemweyu. Akachoka pamalo pake n'kuundana, maselo amafooka mpaka kufa. Zikatero agogo amaiwala dzina la mdzukulu, amasochera panjira ya kudambwe, nthawi zina amapezeka usiku pakhomo pa eni atavula. Ndiye ife timati chiyani? Timati mfiti yagwa pa ndege. Lamulo la Witchcraft Act linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti kalekale mu 1911, koma lamulo lokha silichotsa mantha. Mantha amatha munthu akadziwa chimene chikuchitika.

Tibwere ku chiwindi. Chaka chomwecho cha 1911, Frank Mallory wa ku Boston anaona timibulu tachilendo m'maselo a chiwindi cha anthu okonda mowa. Lero tikudziwa kuti mbali yaikulu ya timibuluti ndi keratin 8 ndi keratin 18, nsichi za selo zimene zagwa n'kuunjikana. Mnyamata wogwira usipa amene ndalama yonse ya usiku imathera pa kachasu, mimba ikadzatupa ndi maso kuchita chikasu, pasakhale wina wonamiziridwa kuti wamulodza.

Koma chiwindi sichiwonongeka ndi mowa wokha. Likodzo lokodza magazi tinalizolowera kalekale. Mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria m'mbali mwa nyanja m'boma lino, ndipo mu 2018 anapeza likodzo la m'matumbo mwa ana a sukulu. Mazira a nyongolotsi yake amakatsakamira m'chiwindi. Maselo ena a mmenemo, otchedwa stellate, amasintha khalidwe: amadzaza ulusi wa actin n'kuyamba kuyala zipsera. Patapita zaka magazi amavutika kudutsa, kapamba amatupa, ndipo ena amasanza magazi. Mwana amene akusambira lero akhoza kudzadwala chonchi ali bambo wa ana atatu amene sanalawepo dontho la mowa.

Mwina mukuti, aphunzitsi, sukulu zambiri za m'midzi zilibe ngakhale microscope, ndiye za tau n'zachiyani? Zoona, zipangizo n'zosowa. Komabe choko chilipo, ndipo kujambula nsichi m'kati mwa selo sikufuna magetsi. Mphindi 10 zokha zikukwanira kuuza ana kuti kuiwala kwa agogo kuli ndi dzina kuchipatala, ndiponso kuti praziquantel amene amagawidwa m'sukulu amateteza chiwindi chawo cha m'tsogolo. Matenda a Alzheimer alibe mankhwala ochiza, izi tisabise. Koma si kuiwala konse kumene kuli Alzheimer, ndipo zina zoyambitsa kuiwala zimachizika, choncho agogo apite nawo kuchipatala.

Aphunzitsi anzanga, ana athu ndi amene amawerengera makolo makalata ndi mapepala a kuchipatala. Tiwapatsenso mawu oti akalankhule pabwalo, tsiku limene anthu adzatola miyala kulondola nkhalamba yosochera. Inunso akumzikiti ndi akutchalitchi, nkhaniyi ikukukhudzani. Tonsefe, Mulungu akalola, tidzakalamba.