Funsani Musanakumbe Maziko

Banja likamakula, nyumba imachepa. Ana amene dzana lomweli ankagona pa mphasa imodzi, lero ndi anyamata ndi atsikana ofunika zipinda zawozawo. Agogo nawo abwera kuchokera kumudzi kuti akhale kufupi ndi chipatala. Tsono mwini nyumba akayang'ana kampata kamene kali pakati pa khoma lake ndi mpanda wa mnzake, m'maso mwake amaona chipinda chongodikira njerwa ndi malata. Kufuna kukuza nyumba si mlandu ayi. Koma ife tikuti munthu wotere, asanaitane mmisiri, ayambe wapita ku Khonsolo kukapempha chilolezo, makamaka ngati chipindacho chidzalowa mu mpata umene malamulo a mzinda amati ukhale wosamangidwa.

Ambiri mwa ife sitidziwa kuti puloti ya mu mzinda simangidwa yonse mpaka pa bikoni. Nyumba iyenera kutalikirana ndi msewu kutsogolo kwake, ndiponso ndi malire a m'mbali ndi a kumbuyo, ndipo kukula kwa mpatawo kumasiyana malinga ndi dera ndi mtundu wa puloti. Nkhanizi zinkayendetsedwa ndi lamulo la Town and Country Planning Act la mu 1988, kufikira pamene linalowedwa m'malo ndi la Physical Planning Act la mu 2016. Mfundo ya malamulo onse awiriwa ndi imodzi: wofuna kumanga kapena kukuza nyumba mu mzinda apereke pulani yake, nalandire chilolezo ntchito isanayambe.

Ena amati mpatawu ndi malo ongowonongeka. Iwowa aiwala ntchito zimene mpatawo umagwira usana ndi usiku. Moto ukabuka m'khitchini, mpatawo ndiwo umauchedwetsa kulumphira pa denga la mnzako, ndipo ndimo ozimitsa moto amadutsa. Mvula ikagwa, madzi a pa malata amatsikira momwemo kunka ku ngalande. Ukatsekapo ndi khoma, madziwo amakalowa pa khomo la wina, pakuti madzi saiwala khwawa. Kuwala kwa dzuwa ndi mpweya wabwino zimafika m'zipinda kudzera mu mpata womwewo. Mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi dzenje la chimbudzi, zonsezi zimafuna malo ake, ndipo ife amene tinaona kolera ikupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 sitingayese nkhani ya chimbudzi chothinana ndi khitchini ya mnzako kukhala yamasewera.

Kale, pamene mizinda yathu inali yaing'ono, munthu mmodzi akalumpha malire zinkaoneka ngati zazing'ono. Kalembera wa mu 1977 anapeza anthu pafupifupi 99,000 mu mzinda wa Lilongwe, patangopita zaka ziwiri chiukhazikitsire kukhala likulu la dziko. Kalembera wa mu 2018 anapezamo anthu oposa 989,000, ndipo Blantyre anali ndi anthu oposa 800,000. Pa khamu lotere, aliyense akaba mita imodzi, msewu umasanduka kanjira koti ngakhale galimoto yonyamula wodwala singalowe.

Komabe nzoona kuti muyeso umodzi sungakwane pa puloti iliyonse. Pali mapuloti opapatiza, ena ali pa ngodya ya misewu iwiri, ena ali ndi thanthwe pakati, enanso ndi otsetsereka kotero kuti mbali imodzi yokha ndiyo ingamangidwe. Mwini puloti yotere asachite manyazi kupempha kuti amuganizire. Choyamba apeze mabikoni ake, ndipo ngati anazulidwa aitane woyeza malo wovomerezeka, chifukwa mpanda wa kapinga kapena wa njerwa umene anaupeza si umboni wa malire. Chachiwiri ajambulitse pulani yoonetsa nyumba imene ilipo, chipinda chimene akufuna, ndi mamita amene adzatsale kufika pa malire. Chachitatu, ngati malowo ndi a lisi, amve kaye mawu a mwini nthaka, kaya ndi Unduna wa za Malo, kaya ndi Malawi Housing Corporation, kaya ndi Khonsolo yomweyo. Potsiriza alembe kalata yofotokoza bwino chifukwa chake chipindacho sichingakhale mbali ina.

Chifukwa chopatsa mphamvu pempho ndi chimene chili pa nthakayo, chimene aliyense angachione ndi maso. Kunena kuti kumanga mbali inayo nkodula, kapena kuti uje nayenso anamanga chomwecho, si zifukwa zokwanira. Wanzeru amapempha kagawo kochepa kokha kamene kakufunikadi, nasonyeza m'mene adzatsogolere madzi a pa denga kuti agwere m'puloti yake, ndi kumene zenera lidzapenye kuti lisasuzumire kuchipinda kwa eni ake. Ndipo kalatayo isanapite, agogode pa khomo la mnansi wake namuonetse pulaniyo. Mnansi amene wafunsidwa mwaulemu kawirikawiri amavomera, pamene wodzidzimutsidwa ndi phokoso la amisiri m'mamawa amathamangira kukadandaula.

Komiti yoona za mapulani ingathe kulola, kukana, kapena kulola itaikapo mfundo zoti zitsatidwe, ndipo wokanidwa ali ndi mwayi wochita apilo. Koma womanga mwakabisira, amene amathira simenti Loweruka ndi Lamulungu poti maofesi ngotseka, adziwe kuti lamulo limapatsa akuluakulu mphamvu yoimitsa ntchitoyo ngakhale kulamula kuti chomangacho chigwetsedwe. Pamenepo ndalama za thukuta la zaka zambiri zimasanduka mulu wa zigumuko. Safunsa anadya phula.

Mawu athu otsiriza apite kwa a Khonsolo. Anthu ambiri amazemba khomo lanu chifukwa choopa kudikira kosatha pamene simenti ikuuma m'matumba ndipo mitengo ya malata ikukwera. Yankhani mapempho msanga, ndipo mukakana lembani zifukwa zake kuti wopemphayo adziwe chokonza. Lembani miyeso ya mipatayi m'Chichewa chomveka, muipachike pamene mmisiri wa ku Ndirande kapena ku Kawale angaiwerenge popanda womasulira. Koposa zonse, muyeso umene mwayesera mphunzitsi wopuma pa ntchito ukhale womwewo woyesera mwini sitolo wa galimoto zitatu. Chilolezo chogulidwa ndi chiphuphu chimabera mnansi kuwala kwake ndi njira ya madzi ake, ndipo chimaphunzitsa msewu wonse kuti lamulo ndi la osauka okha.

Tiyeni tikuze nyumba zathu, pakuti mabanja athu akukula. Koma tizikuze tikukumbukira kuti kuseri kwa mpanda kulinso banja lina, limene tidzalifuna tsiku la moto, la matenda ndi la maliro.