Masitepe awiri oyamba mwawasiya kuti?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndili ndi mlandu ndi anthu amene akugulitsa kusinkhasinkha ngati mankhwala a mutu. Ena mwa inu muli ku Johannesburg, ena ku London, ndipo ndikumva kuti mwayamba kupita ku makalasi a yoga, kapena mwaika pa foni timapulogalamu tokuuzani nthawi yokoka mpweya ndi nthawi youtulutsa. Sindikukuletsani ayi. Aja amene amathamangira kunena kuti zonsezi n'zausatana asanawerenge ndi tsamba limodzi lomwe, ndidzakambirana nawo tsiku lina. Lero ndikulimbana ndi ogulitsawo, chifukwa atenga chiphunzitso cha Ahindu, achotsamo mbali yonse yowawa, ndipo akukupatsani kachidutswa kotsekemera pa mtengo wa chinthu chathunthu.

Tiyeni tipite kugwero. Buku limene ogulitsawa amakonda kulitchula ndi Yoga Sutra la Patanjali, lolembedwa m'chinenero cha Sanskrit zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ndi kabuku kakang'ono, timawu take tafupitafupi sitikwana n'komwe 200. M'menemo njira ya yoga ili ndi magawo 8. Kusinkhasinkha kwenikweni, kumene iwo amati dhyana, ndi gawo la nambala 7. Kakhalidwe ka thupi, asana, kamene lero kadzaza zithunzi za anthu opinda miyendo m'mbali mwa nyanja, ndi gawo la nambala 3, ndipo Patanjali anakapatsa timawu titatu tokha basi. Za kuima ndi mutu sanazitchule.

Nanga nambala 1 ndi nambala 2? Apa ndi pamene ogulitsa amatsokomola n'kusintha nkhani. Gawo loyamba ndi yama, zinthu zisanu zoti munthu adziletse: asavulaze chamoyo, asaname, asabe, adzigwire pa nkhani ya chiwerewere, ndipo asadzikundikire katundu. Gawo lachiwiri ndi niyama: ukhondo, kukhutira ndi zimene uli nazo, kudzilanga, kuwerenga malemba, ndi kudzipereka kwa Mulungu. Zinthu khumi zimenezi zimachitikira kumsika, mu ofesi, m'kalasi ndi kuchipinda. Palibe chimodzi mwa izo chimene chimafuna mkeka wogula kusitolo.

Mungafunse kuti bwanji anaziika patsogolo. Si kuti ankafuna kuopseza anthu. Taganizani munthu amene wanama masana. Madzulo akakhala pansi n'kutseka maso, maganizo ake apita kuti? Apita pa bodza lija: ndani akudziwa, mawa ndidzanena chiyani, nanga akandifunsanso? Amene wadya ndalama za komiti maganizo ake amawerengera malisiti. Amene ali ndi nyumba zitatu ndipo akufuna yachinayi maganizo ake ali pa simenti. Mtima wotere sungakhazikike ngakhale muupatse nyimbo za mbalame ndi madzi oyenda kwa maola awiri. Mlimi aliyense amadziwa kuti sabzala asanasose. Yama ndi niyama ndiye kusosako, ndipo ogulitsa akukuuzani kuti mumwaze mbewu m'tchire.

Ndikudziwa yankho lanu. Munena kuti, koma aphunzitsi, ine ndikakhala chete mphindi 20 ndimamva bwino, nkhawa imatsika, tulo timabwera. Ndikuvomereza. Kupuma pang'onopang'ono kumatsitsa kugunda kwa mtima, ndipo munthu wotopa ndi ntchito ali ndi ufulu wopumula. Koma tichitchule dzina lake: kupumula. Tisachitche moyo wauzimu. Ndipo pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa dzinalo. Sikuti kusowa tulo konse ndi matenda. Mphunzitsi amene akuyenda ndi mtsikana wa Folomu 2, kapena amene walandira ndalama kuti atseke maso likasa likamayenda m'chipinda cha mayeso, kusowa kwake tulo ndi chinthu chokhacho chamoyo chimene chatsala mwa iye. Mukam'phunzitsa kutontholetsa mtima osam'phunzitsa kusiya, mwam'thandiza kuchimwa mosatekeseka. Wakuba wonjenjemera tsiku lina akhoza kubweza katundu. Wodekha uja mudzam'peza kuti?

Musaganize kuti ndikungoyerekeza. Bikram Choudhury, mbadwa ya ku Kolkata, anatchuka ku America ndi yoga yake ya masitayilo 26 yochitira m'chipinda chotentha pafupifupi madigiri 40. Anthu otchuka anakhamukira kwa iye, analemera, anagula magalimoto apamwamba ochuluka. Anafika poyesa kuletsa ena kuphunzitsa ndondomeko ya masitayilo akewo ponena kuti ndi katundu wake, mpaka khoti la apilo linam'kanira mu 2015. Mu 2016 khoti la ku Los Angeles linalamula kuti alipire ndalama zoposa madola 6 miliyoni kwa mayi wina amene anali loya wake, pa mlandu wom'zunza ndi kum'chotsa ntchito, ndipo pambuyo pake Bikram anachoka m'dzikomo. Thupi linkapindika ngati mphira, koma werengani zoletsa zisanu zija muone kuti zatsala zingati. Chikomekome cha mkuyu.

Tsono tiyeni tione munthu amene anayambira kumene malemba amayambira. Mohandas Gandhi anawerenga Bhagavad Gita koyamba ali mnyamata wophunzira zamalamulo ku London, ndipo anaiwerenga m'Chingerezi. Gita ndi kukambirana kwa Krishna ndi msilikali Arjuna, mitu 18 ndi ndime 700, ndipo kukuchitikira pakati pa magulu awiri ankhondo ku Kurukshetra, osati m'phanga lachete kuphiri. Mutu wa 6 umakamba za kukhala pansi ndi kusinkhasinkha, inde, koma womvera wake akamaliza kumva sakupita kokapumula, akubwerera ku ntchito imene amaiopa. Cha m'ma 1903, Gandhi ali loya ku Johannesburg, ankamata ndime za Gita pakhoma kuti aziziloweza m'mawa akamatsuka mano, ndipo analoweza mitu 13. Chimene chimandigwira mtima si kulowezako. Ndi zimene zinatsatira. Mfundo ya aparigraha, kusadzikundikira katundu, inam'lowa mpaka anasiya kulipira inshuwalansi yake ya marupi 10,000. Analembera mkulu wake ku India kuti asayembekezerenso ndalama kwa iye, chifukwa zotsala zonse zipita ku ntchito yothandiza anthu. Mkuluyo anakwiya, ubale wawo unazilala kwa zaka. Tsiku lina m'khoti, atazindikira kuti munthu amene ankamuimira wam'namiza, anapempha woweruza kuti mlanduwo authetse, kasitomala wake yemwe n'kugonja. Loya! Mwamvapo kangati zotere?

Mutha kutsutsana naye pa nkhani ya inshuwalansi, ndipo ine ndemwe ndikanakhala mkazi wake ndikanafunsa mafunso ambiri. Koma palibe anganene kuti malemba aja sanam'dyere kanthu. Walira mvula walira matope. Nanga kalasi yanu ya Lachitatu madzulo yakudyerani chiyani kupatula ndalama yolowera pakhomo?

Apa wina aimirira n'kunena kuti, aphunzitsi, Gandhi yemweyo si uja tinam'kana ku Blantyre? Eya, ndi yemweyo. Mu 2018 achinyamata anapita kukhoti n'kuimitsa ntchito yomanga chipilala chake mumzindawu, ndipo m'chaka chomwecho chiboliboli chake chinachotsedwa pa University of Ghana. Chifukwa chake chinali mawu onyoza anthu akuda amene analemba ali ku South Africa, ndipo mawuwo analembadi. Sindim'tchinjiriza. Koma onani kuti zimenezi zikulimbitsa mlandu wanga. M'zaka zomwezo ankaloweza ndime zonena kuti wanzeru amaona zamoyo zonse mofanana, munthuyu anali asanaone Mzulu woyandikana naye ngati mnzake. Ngati munthu wodzilanga chotero anatsalira pa gawo loyamba, inu amene mwalumphira pa nambala 7 ndi foni m'manja mukuganiza kuti mwafika pati? Ndipo tisaiwale kuti Nathuram Godse, amene anamuwombera pa 30 January 1948, nayenso ankawerenga Gita yomweyo. Buku palokha silisambitsa munthu, kutseka maso kokha n'chimodzimodzi.

Mu December 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 June kukhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo pa chikondwerero choyamba mu 2015 anthu oposa 35,000 anayala timikeka pamsewu waukulu wa ku New Delhi. Zithunzi zake n'zokongola. Ndikumvetsa chifukwa chake boma, kampani ndi wojambula onse amakonda gawo lachitatu: limaoneka. Munthu wobweza chenji chimene wogulitsa tomato wam'patsa molakwitsa simungamujambule kuchokera mu helikopita. Mphunzitsi wolowa m'kalasi pa nthawi yake m'malo moba mphindi khumi za ana ali pansi pa mtengo ndi nyuzipepala, palibe amuombere m'manja. Komatu kusaba kumene Patanjali akunena kumafika mpaka pamenepo, pa mphindi khumi zimenezo, ndipo ife a choko tikudziwa kuti pa teremu imodzi zimakwana maola angati.

Kwa inu amene mukulipira mwezi ndi mwezi, ndili ndi pempho limodzi. Musanapereke ya mwezi wamawa, dikirani kalasi ithe, anthu akupinda timikeka tawo, mupite kwa mphunzitsi wanuyo mwaulemu. Mum'funse kuti akutchulireni yama zisanu zija, ndipo akuuzeni kuti pa maphunziro amene mwalipira, zimenezo zidzaphunzitsidwa sabata iti. Zimene ayankhe mundilembere, ndipo mutchule ngati anayang'ana pa wotchi asanayankhe.