Inshuwalansi si ya apolisi

Tiyeni tikambe cilungamo, anzathu. Ambiri a ife timagula inshuwalansi ya motoka cifukwa ca rodibuloko cabe. Tifuna kapepala koonetsa wapolisi kuti atisiye tipite. Ndiye mnyamata wa pa kona akatiuza kuti "bwana, ndili nayo yochipa," timapereka ndalama osafunsa ngakhale dzina la kampani.

Lamulo la Road Traffic Act la 2002 likuti motoka iliyonse yoyenda pa msewu ikhale ndi third party. Third party siikonza motoka yathu ai. Ndi ya amai ogulitsa tomato amene tingagunde pa Kafue Road, ndi ya ana awo. Pepala likapezeka labodza, adzalipira cipatala ndani? Ife tidzayankha mlandu kukhoti m'thumba mulibe kanthu, koma obvutika kwambiri ndi amai aja.

Ndalama ya marimu atsopano ndi ya ma speaker timaipeza. Ya inshuwalansi yeniyeni ndiyo isowa? Tigule ku kampani yololedwa ndi PIA, titenge lisiti, tione tsiku limene ithera. Ngati sitikwanitsa, motoka igone pa nyumba, tikwere minibasi.