Sola yatsopanoyi ili ndi mtovu, tifunsiretu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a m'midzi, makamaka abusa ndi ansembe, poti ndi iwo amene amayamba kugula sola zoika pa matchalitchi, masukulu ndi zipatala za mishoni.

Akatswiri a sayansi ali kalikiliki ndi chinthu china chotchedwa perovskite. Mu 2009, a Tsutomu Miyasaka ndi anzawo ku Japan anayesa kukola nacho mphamvu ya dzuwa. Pa magawo 100 aliwonse a mphamvuyo, osakwana 4 ndiwo ankasanduka magetsi. Lero m'nyumba zofufuzira apitirira 25, pafupifupi chimodzimodzi ndi silikoni wa m'sola zomwe zili pamadenga athuzi. Ubwino wake ngwakuti sichilira ng'anjo yotentha kwambiri monga silikoni. Amangochipaka mopyapyala pagalasi ngati penti. Mu 2024 kampani ya Oxford PV inayamba kugulitsa sola zophatikiza ziwirizi. Ine amene ndakalamba ndi koloboyi sindingadane nazo zimenezi.

Koma perovskite yogwira bwino ntchito ili ndi mtovu, ndipo imaonongeka ndi chinyontho. Galasi likasweka, mvula itha kukokolola mtovuwo n'kuulowetsa m'nthaka. Akatswiriwo akuti ndi wochepa, ndipo sakunama. Ena akuyesa chitsulo chotchedwa tin m'malo mwake, koma sola zake zikumafooka msanga. Komatu kuchepa akunenako n'kwa kumaiko komwe zinthu zakutha zimatoleredwa. Kwathu kuno batire ikafa imangokhala kuseri kwa nyumba, ana n'kumaseweretsa, mwinanso wina n'kuiphwanya kuti apeze mtovu womangirira ku ukonde wa nsomba.

Abale athu a ku Kabwe, m'dziko la Zambia, akuudziwa bwino mtovu. Mgodi wake unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana ambiri kumeneko akupezeka nawo wochuluka m'magazi. Kawirikawiri mwana wotere sadandaula kuti pena pakupweteka. Amangobwerera m'mbuyo m'kalasi, ife n'kumati ndi waulesi kapena amulodza.

Pempho langa kwa aphungu athu ndi a Malawi Bureau of Standards ndi lakuti, katunduyu asanadzaze m'misika, pakhale lamulo loti wogulitsa azitenganso sola ndi mabatire akatha ntchito. Nanunso a komiti ya mpingo, pogula funsani kuti m'katimo muli chiyani, nanga ikafa mukaibweza kwa yani. Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, ndalama za chopereka zibwerere kwa msungichuma.

Mphunzitsi wopuma,
Ntchisi.